Pepala la Nthanda

Sonkhezerani motowo pang'onopang'ono, phala la chinangwali silifuna lawi laukali. Poti lichedwa kuwira, khalani pansi ndikuuzeni za mayi amene anayambitsa ntchito ino, amene inu obwera posachedwanu simunawaone. Ine Elube ndinalipo. Zimene ndikambezi sindinachite kumva kwa munthu, ndipo zina mwa izo ndinazinunkhiza ndi mphuno yangayi.

Dzina lawo anali a Rozina Makawa, mbadwa ya konkuno kunsi kwa phiri la Michesi. Sukulu anapita nayo patali kuposa tonsefe, mpaka kukoleji kumene anaphunzira za kasungidwe ka zakudya. Anabwerako ndi mwana mmodzi wamkazi, Nthanda, koma opanda mwamuna, ndipo palibe amene anawafunsa. Kale tinkawaitana kuti amake Nthanda. Chaka chija kolera inalowa m'midzi yathu m'dzinja, mayi ndi mwana anagwa sabata imodzi. A Rozina tinawanyamula pamachira kupita kumatenti a odwala ali chikomokere. Pamene ankatsitsimuka, patapita masiku anayi, mwana anali ataikidwa kale. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira pamenepo dzina loti amake Nthanda linatiuma pakamwa, tinangoyamba kuti a Rozina.

Amene anaona za malirowo anali achimwene awo, a Layisoni, kalipentala, yemwenso anali mwinimbumba. Nthawi imeneyo maliro a kolera sankasonkhanirana, kunkapita anthu owerengeka basi. A Layisoni anauza mlongo wawo kuti mwana anapita bwino, atamukulunga m'chitenje cha maluwa achikasu chimene ankamuberekera ali wakhanda. A Rozina anamva, anagwedeza mutu, koma sanalire. Kumanda anapitako kamodzi kokha, asanachire bwino, ndipo atabwerako anangolowa m'ntchito ngati munthu amene akuthawa chinthu.

Ntchito yake ndi yomwe mukuiwonayi. Majumbo ankawanyansa kuyambira kale. Ankati akalima m'munda khasu limangotukula majumbo, mbuzi zikufa mimba zitatupa, ngalande za pamsika zatsekeka. Ankafuna pepala lokulungira mandasi ndi mabanzi loti munthu akalitaya, nthaka ilidye ngati tsamba. Anapempha nyumba ino, imene inali chigayo chakufa, natitenga awiri: ine ndi Nasibeko, mayi wa pakamwa pochangamuka wa kutsidya kwa mtsinje. Tinkasenda chinangwa, kuchikwecha, kuchifinya m'nsalu, n'kudikira ufa woyera uja ukhazikike pansi pa ndowa. Ufawo tinkauphika ndi madzi, viniga pang'ono ndi gilisilini, n'kuthira phalalo pa magalasi a mawindo akale amene a Layisoni anatikonzera pa mathandala. Pofika mawa kapena mkuja limauma, n'kumatuka ngati khungu la anyezi, loonekera mbali ina.

Mapepala oyambawo anali okongola koma ofooka. Ukakulunga mandasi otentha, thukuta lake linkaboola, ndipo kukachita chinyontho ankamatirirana. A Rozina anayesa njira zambiri. Anathiramo ulusi wa thunthu la nthochi wosinja bwino kuti alimbe, kenako n'kuyamba kuwapaka phula la njuchi kuti madzi asalowe. Koma ankaopanso kuti akalimbitsa kwambiri, saola. Ndiye kuseri kwa nyumbayi anakonza timaenje, n'kumakwiriramo tizidutswa ta mtundu uliwonse, kamtengo pamwamba, n'kumafukula pakapita masabata kuti aone mmene taolera. Tsiku lina Nasibeko anaseka nati kuseriko kwasanduka kumanda kwa tiana. Mawuwo atangotuluka anagwira pakamwa. A Rozina anangoti palibe kanthu, napitiriza kulemba m'kope lawo.

Zimene ndikufuna kukambazi zinayamba mu Okutobala wa chaka chachiwiri, dzuwa lili lophetsa nkhuku. Mwini bekale wina wophika mabanzi kuboma anali atalonjeza kuti akaona mapepala otha kusunga mabanzi tsiku lathunthu osang'ambika, asiya majumbo. Anapereka nthawi yoti mvula isanagwe. Ndiye tinkagwira ntchito mosapuma, theka la magalasi phala latsopano la ulusi ndi phula, theka lina phala lakale lofewa lija lofanizira.

Makiyi ankakhala ndi ine, chifukwa kwathu n'pafupi. M'mawa wina nditatsekula ndinapeza galasi limodzi lili mbee, lopanda pepala. Ndinaganiza kuti mwina dzulo tinalidumpha. Mawa lake magalasi awiri. Nasibeko anati ndi makoswe, koma khoswe amatafuna, amasiya nyenyeswa. Apa pepala linali litamatulidwa lonse bwinobwino kuyambira pangodya, ndipo inu mukudziwa kuti kumatula kumafuna chikhadabo chaching'ono ndi mtima wodekha. A Rozina anayang'ana magalasiwo nthawi yaitali, kenako anati chodabwitsa n'chakuti wakubayo akusiya mapepala abwino a phula, akutenga ofooka okhaokha, amene ngakhale mame amawasungunula.

Tsiku lachinayi ndi pamene ndinamva fungo. Nditangokankha chitseko linandilandira, fungo la kololini, mankhwala aja ankapopera kumatenti ndi m'nyumba za odwala. Ife kuno sitigwiritsa ntchito kololini. Silinali lamphamvu, linali ngati munthu wadutsa nalo posachedwa. Ndinatsekula mawindo lisanafike pa mphuno za a Rozina, chifukwa ndinkadziwa chimene fungo limenelo limawakumbutsa. Sindinauze aliyense.

Kukhala chete kwangako kunandiipira. Mapepala atasowa kasanu, Nasibeko anayamba kulankhula mozungulira, kuti chitseko sichinathyoledwe, mawindo ali ndi zitsulo, ndipo makiyi sayenda okha. Kumjigo amayi anayamba kusiya nkhani ndikafika. Zinamveka kuti Elube akugulitsa nzeru za a Rozina kwa anthu a m'tauni. Mwamuna wanga anandifunsa pamaso pa ana ngati ndi zoona. Ndinalira tsiku limenelo. M'mawa ndinakapereka makiyi m'manja mwa a Rozina, ndinati andichotse ngati akundikayikira. Iwo anati sakundikayikira, komabe analandira makiyiwo, nagula loko watsopano, kiyi wake n'kumumanga m'ngodya ya chitenje chawo.

Mawa lake anatsekula okha, ife tili kumbuyo kwawo. Magalasi atatu anali mbee. Ndipo fungo lija linalipo, tsopano lomveka bwino. Ndinaona msana wa a Rozina ukuuma. Anaima pakhomopo osalowa, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati ifenso tikulimva. Nasibeko anati akulimva. Sanandipepese tsiku limenelo, koma masana anandigawira mbatata yake yootcha, ndipo ndinadziwa kuti ndiko kupepesako.

Kenako kunabwera phokoso. Linkamveka masana, dzuwa lili paliwombo, nthawi imene malata amalira ndi kutentha ndipo mudzi wonse uli zii. Tikakhala pansi kupuma, kuseri kwa khoma kunkamveka tswaa, tswaa, ngati munthu akuyenda atavala chinthu cha pulasitiki yokhuthala. Mapazi ake anali afupiafupi. Linkayenda kuchokera kungodya kufika pansi pa windo, n'kuima. Nasibeko anatuluka kamodzi ndi chikuni m'manja, poganiza kuti ndi mbuzi yakodwa m'jumbo. Anabwerako nkhope itagwa, nati kulibe mbuzi, koma timaenje ta a Rozina tafukulidwa. Tinapita kukaona. Timitengo tinali titazulidwa n'kuikidwa pambali mwadongosolo, ndipo dothi linali lofukulidwa ndi manja, osati khasu kapena zikhadabo za galu. Mizere ya zala inali yopyapyala. A Rozina anagwada, naika dzanja lawo pambali pa mzere umodzi, kenako analibweza msanga ngati apsa.

Kuyambira tsiku limenelo Nasibeko ankabwera ndi kabotolo ka madzi odalitsa, n'kumawaza pakhomo mobisa. Ine ndinkapemphera chamumtima. A Rozina okha ndi amene anasintha mwa mtundu wina. Masana akafika ankasiya chilichonse, n'kukakhala pansi pa windo lija, mutu atatsamiza kukhoma, maso atatseka. Phokoso likayamba sankatuluka kukaona. Ankangomvetsera. Nkhope yawo sinali ya munthu wamantha, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa kwambiri.

Ine ndinachiona kamodzi kokha, ndipo sindinganene kuti ndinachionadi. Ndinkachokera kumjigo ndi ndowa pamutu, masana omwewo. Pamphambano pamene kanjira ka kumanda kamakumana ndi msewu pali mtengo wa bulugama. Pansi pake panaima chinthu chachifupi, chofika m'chiuno mwanga, choyera, chonyezimira ndi dzuwa moti maso sankatha kukhazikika pa icho. Sindinaone manja. Nkhope sindinaifune. Ndinayang'ana pansi n'kufulumiza miyendo, madzi akunditayikira m'khosi, ndipo kumbuyo kwanga ndinamva tswaa, tswaa, kawiri kapena katatu, kenako zii.

Amene anaulula zonse mosadziwa anali a Gomiwa, bambo wa kabaza amene ankatibweretsera matumba a chinangwa. Anali munthu wanthabwala, koma Lachinayi lina anafika ali chete, natsitsa katundu, napempha madzi. A Layisoni analipo tsiku limenelo, akukhoma thandala limene linagwedera. A Rozina anali mkati, ndipo a Gomiwa sanawaone.

Anati dzulo lake, akubwerera wopanda katundu, pa bulugama paja anamva mawu a mwana wamkazi kumbuyo kwawo akufunsa ngati angamufikitse kuchigayo. Dzuwa linali m'maso, sanatembenuke bwino, anangoima nati kwera. Njinga inagwedezeka pang'ono, koma kulemera sanakumve. Njira yonse kumbuyoko kunkangolira ngati anyamula thumba la pulasitiki. Pofuna kucheza anafunsa kuti ndiwe mwana wa ndani, koma sanayankhidwe. Atatsala pang'ono kufika, mawuwo anabweranso pafupi ndi khutu lawo.

"Anangoti, 'Amalume, muno mukutentha. Ndikulephera kuvula.' Nditaima pakhomo pano n'kutembenuka, panalibe munthu. Koma pampando panali ponyowa, ndipo pakununkha mankhwala aja mpaka lero."

Hamala ya a Layisoni inagwa pansi. Tonse tinatembenuka. Bambo wamkulu uja anali atagwira thandala ndi manja onse awiri. Ndipo pakhomo panali pataima a Rozina, chipande cha phala chili m'manja.

"Achimwene," anatero, mawu awo ali phee, "mwana wanga munamuveka chiyani?"

A Layisoni anayesa kubwereza za chitenje chija, koma mawu anawathera pakati. Anakhala pansi padothi ngati mwana. Anafotokoza akuyang'ana mapazi awo. Anati azaumoyo sanalole kuti thupi likhudzidwe, chifukwa matenda anali atalusa ndipo lamulo linali lomwelo kwa aliyense. Analipopera mankhwala, naliika m'thumba loyera la pulasitiki lokhala ndi zipi, natseka. Sanamusambitse. Chitenje chinafika thumba litatsekedwa kale, ndipo anakana kulitsekulanso. Bokosi kunalibe nthawi yokhoma, chifukwa tsiku limenelo ankaika anthu asanu. Iwo anabwerera nacho chitenjecho, nachibisa pansi pa bokosi la zipangizo, ndipo ataona mlongo wawo akudzuka ali mafupa okhaokha, analibe mtima womuuza zoona.

"Ndinkati ndikukutchinjiriza, mlongo wanga," anatero.

A Rozina sanakalipe. Anaika chipande pa mphika mosamala. Anati iwo, mwa anthu onse a m'mudzi muno, ndi amene akudziwa kuti pulasitiki yotero imakhala zaka zingati m'nthaka. Anati zidzukulu za zidzukulu zathu zidzafa iyo ikadalipo. Zaka ziwiri akhala akukwirira mapepala kuti aone ngati nthaka ikuwalandira, pamene mwana wawo ali m'chinthu chimene nthaka singachilandire. Atatero anatiuza kuti tizipita kwathu, ntchito yatha lero.

M'mawa mwake tinapita kumanda anayi: a Rozina, a Layisoni, Nasibeko ndi ine. Tinayamba tapempha kwa adzukulu monga mwa mwambo, ndipo mkulu wawo anatiperekeza mpaka polowera. Manda a Nthanda anali kumapeto, kumene anaika a kolera, kopanda mthunzi. Tili patali ndinaona mtumbira ukunyezimira. Titayandikira, Nasibeko anandigwira mkono.

Mapepala athu onse anali pamenepo. Anali atayalidwa pamtumbira limodzi pambali pa linzake, kuyambira kumutu, m'mbali mwake mutapsinjidwa ndi timiyala, monga mmene mwana amayalira masamba posewera masanje. Oyamba aja anali atasungunuka kale ndi mame, atalowa m'dothi ngati malovu a nkhono. Ena anali atapindika ndi dzuwa. Ngakhale tizidutswa tofukulidwa kuseri kuja tinalipo, totsekera m'mipata. Koma onsewo sanafike ngakhale pakati. Kumiyendo kunali dothi lokhalokha.

A Rozina anagwada, nakonza kamwala kamodzi kamene kanasuntha. Kenako anatembenukira achimwene awo nati akumbe. A Layisoni anakana akulira. Mkulu wa adzukulu atamva anabwera nati zimenezo sizichitika, manda a matenda aja satsekulidwa, boma silingalole, mudzinso sungalole. A Rozina anapempha, anagwira miyendo ya mkuluyo, koma iye anangoti pepani mayi.  Pobwerera, tikufika pa bulugama paja, a Rozina anaima, nafunsa achimwene awo ngati angawapalire thabwa lalikulu, losalala ngati galasi, lotalika ngati mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Anaganiza pang'ono, nati awonjezereko chikhatho chimodzi, poti papita zaka ziwiri.

A Layisoni anachotsa chitseko cha nyumba yawo yomwe, nachipala tsiku lathunthu mpaka chinkaterera. Tinachigoneka pakati pa nyumba ino. Za mwini bekale uja zinaiwalika. Nasibeko anakumbutsa kamodzi kuti mitambo yayamba kusonkhana kuphiri, a Rozina anati mwini bekaleyo adikire kapena asadikire, zili kwa iye.

Phalalo anaphika okha, osalola wina kugwira mthiko. Sanaikemo ulusi, sanaikemo phula. Anasankha chinangwa okha, nasefa ufa katatu. Pepala lalikulu chotero tinali tisanapangepo. Loyamba linang'ambika pakati pomatula. Lachiwiri linauma mbali imodzi, mbali ina n'kuchita nkhungu. Masiku onsewo m'magalasi simunasowenso kanthu, koma masana phokoso lija linkabwera, ndipo tsopano silinkaima pawindo. Linkafika pakhomo penipeni. Chitseko chili chotsekula, dzuwa likulowa, pakhomo popanda munthu, koma unkamva kuti pali amene akuyang'ana. A Rozina ankagwira ntchito akuyankhula motsitsa, osatembenuka. Ndinawamva akuti, "Dikira pang'ono, mayi wanga, latsala pang'ono kuuma."

Pepala lachitatu linatheka. Tinalimatula anthu atatu, mpweya titaugwira, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Linali lopyapyala moti likagwedezeka silinkalira n'komwe. A Layisoni anabweretsa chitenje cha maluwa achikasu chija, chikununkha utuchi. A Rozina anachinunkhiza, nachigwira pachifuwa nthawi yaitali.

Tinapita nalo masana, mitambo itada kale ku Michesi, mphepo ikununkha mvula. A Rozina anayala pepalalo pamtumbira, ndipo linakwanira bwino. Pamwamba anayala chitenje, naika miyala inayi m'ngodya. Sanapemphere mokweza. Anangoti, "Vula chimenecho, mwanangu. Vala ichi. Amayi ako sanadziwe." Madontho oyamba anatipeza tikutuluka m'manda. Inali mvula yoyamba ya chaka, ndipo inagwa mpaka tinagona ikugwabe.

M'mawa tinakumana pakhomo pano tonse, ngakhale palibe amene anaitana mnzake. A Rozina anamasula kiyi m'chitenje natsekula. Fungo la kololini linali lodzaza nyumba. Pa thabwa lalikulu lija panali chinthu choyera, chopindidwa mokhotakhota monga mmene mwana amapindira zovala akauzidwa. Chinali ndi matope ofiira, onyowa, ndipo madzi ake ankadontha pansi. Zipi yake inali yotsekula mpaka kumapeto. Munalibe kanthu.

A Layisoni anayandikira, natembenuza ngodya imodzi ndi chala. Panali zilembo za inki yakuda, zofufutika pang'ono: Nthanda Makawa. Anati analemba ndi iwo, tsiku lija, atabwereka cholembera kwa wazaumoyo, kuopa kuti mwana angasokonezeke ndi ena anayi aja. Atatero anatuluka akuthamanga kupita kumanda. Anabwerako mpweya uli m'mwamba, nati mtumbira uli bwinobwino, sunakumbidwe, palibe phazi la munthu kapena la nyama. Miyala inayi ili m'malo mwake. Pepala palibe, chitenjenso palibe.

Nasibeko anati tiliotche thumbalo. A Layisoni anati tikalikwirire kutali. A Rozina anakana zonse ziwiri. Anandituma kuti nditereke madzi, asatenthe kwambiri, ofunda chabe. Anatenga beseni lalikulu lofinyira chinangwa ndi sopo watsopano, nakhala pansi miyendo atatambasula, nayamba kulisambitsa. Sankachapa ngati chovala. Ankapaka sopo ndi chikhatho pang'onopang'ono, kumutu, m'mbali, kumiyendo, akuchotsa matope m'mano a zipi ndi chikhadabo. Ali mkati mosambitsa ndi pamene kulira kunatuluka, kulira kwa zaka ziwiri, kochokera pansi pa mimba. Nasibeko anayambitsa nyimbo ya maliro, ine ndinapolokoza, ndipo amayi a kumjigo atamva anasiya ndowa zawo n'kubwera. Pofika masana nyumba ino inali itadzaza, amuna atakhala panja pansi pa mango. Maliro a Nthanda tinawalira tsiku limenelo.

Kuchokera pamenepo zonse zinatha. Fungo linachoka, masana kunali zii, m'magalasi simunasowenso pepala. Anthu anati mzimu wagona, ndipo tinayamika. Mwini bekale uja anadikira ndithu, mapepala a ulusi ndi phula anamusangalatsa, ndipo ntchito inakula mpaka kufika pamene mwaipeza inupa.

Koma a Rozina sanapeze mtendere umene ife tinkawafunira. Madzulo aliwonse ankathira galasi limodzi la phala lofewa lija, limene panalibe wogula, n'kuliika pafupi ndi khomo. M'mawa ankafika woyamba. Ndinkawapeza ataima akuliyang'ana, pepala lili pomwepo, losakhudzidwa. Masana ankakhalabe pansi pa windo, khutu kukhoma, mpaka dzuwa kupendeka. Anayamba kuonda. Tsiku lina ndinakhala nawo pamenepo, ndinati mwana anapumula, ayenera kukondwa. Anandiyang'ana ndi maso ouma.

"Ndikudziwa, Elube. Ndinachita zoyenera. Koma pamene ankavutika ankabwera kwa ine. Tsopano ali bwino, ndipo sabweranso. Ndamutaya kawiri, kachiwirika ndi manja anga."

Ndinangowagwira dzanja. 

Anakhala nafe mpaka kukolola. Miyezi imeneyo anatiphunzitsa zonse, ine ndi Nasibeko, miyeso yonse, natisiyira kope lawo. Kenako anati apeza ntchito kumpoto, kutali, kumene kulibe amene amadziwa kuti anakhalapo amake wina. A Layisoni anawachonderera kuti asapite. Iwo anati sakuwasungira mangawa, koma sangathe kumadutsa pa bulugama paja tsiku ndi tsiku akutchera khutu.

Anawanyamula ndi a Gomiwa kupita kokwerera basi, m'mawa dzuwa litangotuluka. Chikwama anamanga pakeriya. Thumba loyera lija anali atalipinda bwino, nalibereka kumbuyo ndi chitenje chatsopano, mfundo pachifuwa. Anthu a m'njira ankapatuka, ena ankayang'ana kumbali. A Gomiwa anatiuza pobwerera kuti atafika pamphambano paja, a Rozina anawagwira phewa kuti aime. Sanatsike. Anayang'ana kanjira ka kumanda, kamene kanali katamera udzu wautali ndi mvula ya chaka chimenecho, naitana dzina la mwana kamodzi, mwa mawu amene mayi amaitanira mwana kuti adzadye. Anadikira. A Gomiwa akuti anawerenga mumtima mpaka anataya chiwerengero, phazi lili pansi, osayerekeza kutsokomola. Kunkangomveka njiwa.

Kenako a Rozina anakonza mfundo ya pachifuwa nati, "Tiyeni, bambo. Wagona."